Pulogalamu ikakana kuyenda: mmene mungafunsire chithandizo ntchito n'kukhalabe yanu

Mutu wa programming pa phunziro la Computer Studies uli ndi khalidwe lakelake. Wophunzira akalemba chimangirizo n'kulakwitsa mawu awiri kapena atatu, mphunzitsi amamvabe zimene mwanayo akufuna kunena ndipo amam'patsa malikisi ake. Kompyuta ilibe chifundo choterocho. Mukaiwala mpatuliro umodzi, kapena kulemba chilembo chachikulu pamene pamafunika chaching'ono, imangoima. N'chifukwa chake asayimenti yoyamba ya mutuwu ikaperekedwa, ngakhale ana amene amakhoza bwino masamu amagwira njakata, ndipo ena amayamba kudziuza kuti mitu yawo si ya zimenezi.

Kuima kwa pulogalamu n'kwachibadwa pantchito imeneyi. Akatswiri amene amalemba mapulogalamu a mabanki ndi a makampani a mafoni nawonso amatha nthawi yaitali akusaka cholakwika, ndipo amafunsana tsiku ndi tsiku. Safunsa anadya phula. Komabe pali kafunsidwe kamene kamakusiya ukudziwa, ndiye palinso kena kamene kamakusiya ndi pepala lodzaza bwino mutu uli mbee. Nkhani ino ikufotokoza kusiyana kwake, ndipo ili ndi mbali ya makolo ndi ya akuluakulu a komiti, chifukwa nawonso angathandize ngakhale sanagwirepo kompyuta.

Zitsanzo zili m'chinenero cha Python, chimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991. Mizere yake ndi yaifupi, ndipo chimayenda ngakhale pa foni ya Android kudzera mu pulogalamu ya Pydroid 3. Ngati m'kalasi mwanu mukugwiritsa ntchito chinenero china, monga C++ kapena Pascal, kalembedwe kadzasiyana koma matenda ake ndi omwewa.

Woyamba kukuthandizani ndi kompyuta yomweyo

Taonani mizere iwiri iyi:

zonse = 177
print(Zonse / 3)

Mukaiyendetsa, pasikirini pabwera mawu a Chingerezi, kawirikawiri ofiira, ndipo mzere womaliza ukhala wakuti: NameError: name 'Zonse' is not defined. Ophunzira ambiri akangoona zofiira amatseka msanga ngati aona njoka. Apo ndiye amataya chithandizo chaulere. Uthengawo ukunena kuti kompyuta sikudziwa dzina lakuti Zonse, ndipo pamwamba pake pang'ono pali nambala ya mzere pamene yapunthwa, mzere wachiwiri. Mukayang'anitsitsa muona kuti dzina linalembedwa ndi z wamng'ono poyamba, kenako ndi Z wamkulu. Kwa ife ndi liwu limodzi, kwa Python ndi mayina awiri osadziwana.

Choncho zoloŵerani kuwerenga uthengawo kuyambira pansi. Mzere womaliza umanena mtundu wa vuto, nambala ya mzere imanena malo. Mukapanda kuona cholakwika pa mzere umene watchulidwawo, yang'anani wapamwamba pake, chifukwa nthawi zina mkutiro umene simunautseke umakaonekera kutsogolo. Mawu a mauthengawa si ambiri. Mukadziwa tanthauzo la NameError, SyntaxError, TypeError ndi IndentationError, mwadziwa gawo lalikulu la zimene woyamba kumene amakumana nazo. Ndi bwino kukhala ndi tsamba kumapeto kwa kope lanu lolembapo uthenga uliwonse watsopano ndi chimene chinauchititsa.

Cholakwika chimene sichikuwa

Zolakwika zofiira n'zosavuta, chifukwa zimadzinenera zokha. Zoopsa ndi zimene zimadutsa mwakachetechete. Tinene kuti mphunzitsi wati: lembani pulogalamu yothandiza mayi wogulitsa tomato pamsika wa Golomoti kuphatikiza ndalama zimene apeza m'mawa ndi zimene apeza madzulo. Wophunzira alemba chonchi:

mmawa = input("Za m'mawa: ")
madzulo = input("Za madzulo: ")
print(mmawa + madzulo)

Palibe chofiira chimene chibwere. Pulogalamu iyenda bwinobwino. Koma mukalowetsa 5000 ndi 3000, yankho lidzakhala 50003000. Mayi athu alemera tsiku limodzi! Chachitika n'chakuti lamulo la input limatenga chilichonse chimene mwalemba ngati mawu, osati ngati nambala, ndipo chizindikiro cha + chikapeza mawu awiri chimangowalumikiza monga mmene timalumikizira "mpira" ndi "wamiyendo". Mankhwala ake ndi kuuza kompyuta kuti isandutse mawuwo nambala: mmawa = int(input("Za m'mawa: ")), chimodzimodzinso mzere wachiwiri. Mukatero yankho likhala 8000.

Phunziro lake ndi lakuti musanayendetse pulogalamu, yambani mwadziwa yankho limene mukuyembekeza. Sankhani manambala ang'onoang'ono oti muwerengere pamtima. Wophunzira amene sanachite zimenezi angathe kupereka ntchito yotulutsa 50003000 ali wokondwa kuti "yayenda".

Nachi china chimene chimavuta ambiri akafika pa loop, kutanthauza lamulo louza kompyuta kubwereza mizere ina kangapo. Ntchito ndi yopeza avereji ya malikisi atatu:

for i in range(3):
    zonse = 0
    malikisi = int(input("Malikisi: "))
    zonse = zonse + malikisi
print(zonse / 3)

Lowetsani 60, 45 ndi 72. Pamtima tikudziwa kuti pamodzi ndi 177, ndipo kugawa ndi 3 kupatsa 59. Pulogalamuyi ikutulutsa 24.0. Musathamangire kwa mnzanu. Tengani cholembera, mujambule mizere iwiri yotsika, wina mulembe zonse, wina malikisi, ndipo inuyo mukhale kompyuta, kutsata mzere uliwonse osadumpha ndiponso osaganizira zimene wolembayo "amatanthauza".

Ulendo woyamba: zonse ndi 0, malikisi ndi 60, zonse zakhala 60.
Ulendo wachiwiri: zonse ndi 0, malikisi ndi 45, zonse zakhala 45.

Imani pamenepo. Kodi 60 uja wapita kuti? Wafufutidwa ndi mzere wakuti zonse = 0, umene uli m'kati mwa loop ndipo ukubwerezedwa ulendo uliwonse. Zili ngati munthu amene akuthira mpunga m'dengu, koma asanathire mbale yatsopano amayamba wakhuthula dengulo. Pomaliza m'dengu mutsala mbale yomaliza yokha, 72, ndipo 72 kugawa ndi 3 ndi 24. Mukachotsa mzerewo n'kuuika pamwamba, loop isanayambe, yankho likhala 59.0. Mabuku amatcha njira imeneyi trace table. Imatenga mphindi zisanu, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njirayi ilinso ndi ubwino wina kwa ife kuno: sifuna magetsi. Golomoti ili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mphamvu ya 20 MW, amene kampani ya JCM Power inayamba kuwayendetsa mu 2022, koma magetsiwo amalowa mu nthambo za ESCOM, ndipo mwana wa m'nyumba yopanda magetsi amawerengabe ndi tochi. Mwana ameneyo asadziyese wotsalira. Ndondomeko ya masitepe othetsera vuto, imene timaitcha algorithm, ndi yakale kuposa kompyuta ndi zaka zoposa 1,000. Liwulo linachokera ku dzina la Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, ndipo iye analibe china koma cholembera ndi cholembapo. Amene wajambula flowchart yake ndi kulemba pseudocode papepala kunyumba, akafika m'chipinda cha makompyuta amangotayipa. Amene wafika chimanjamanja amathera nthawi yonse akuyang'ana sikirini.

Kafunsidwe

Mwawerenga uthenga, mwalondola ndi cholembera, koma sizikuonekabe. Tsopano funsani. Maganizo anga ndi akuti theka la ola pa vuto limodzi n'lokwanira. Kupitirira apo munthu amangozungulira pamodzimodzi, n'kumasintha mizere mwachisawawa mpaka kuwononga ndi imene inali bwino. Ndipo funsani tsiku lopereka ntchito likadali kutali. Funso la usiku womaliza limabala kukopera basi.

Mphunzitsi amamva mafunso a mitundu iwiri. Wina amabwera n'kunena kuti, "Aphunzitsi, sizikutheka." Funso lotere lilibe pogwira. Mphunzitsi ayenera kuyamba wafufuza kuti ntchito yake ndi iti, mwana wafika pati, chakanika n'chiyani, ndipo belu limalira asanafike pa vuto lenilenilo. Wina amati: "Aphunzitsi, pulogalamu yanga ikuyenera kupeza avereji ya malikisi atatu. Ndikalowetsa 60, 45 ndi 72 ndikuyembekeza 59 koma ikutulutsa 24. Ndaona kuti 24 ndi 72 kugawa ndi 3, ndiye zikuoneka ngati ikusunga nambala yomaliza yokha, koma sindikuona chifukwa chake." Mwana uyu wanena chimene amafuna, chimene chachitika, ndi chimene wayesa kale. Mphunzitsi angomulozera mzere umodzi ndi chala. Nthawi zambiri safika n'komwe kwa mphunzitsi, chifukwa pokonza funsolo m'mutu yankho limatulukira lokha.

Ngati mukufunsa mnzanu kapena m'bale wanu pa WhatsApp, tumizani funso la asayimenti monga mmene lalembedwera, mizere yanu yonse, ndi uthenga wofiira wonse. Chithunzi chosaoneka bwino chojambulidwa chammbali, chodula theka la mizere, chimangotha bandulo ya anthu awiri. Samalaninso mipata ya kumayambiriro kwa mizere, chifukwa mu Python mipata imeneyo ndiyo imasonyeza mizere imene ili m'kati mwa loop.

Kwa amene akuthandiza mnzake

M'kalasi iliyonse mumakhala awiri kapena atatu amene mutuwu umawalowa msanga, ndipo anzawo amawaunjirira. Zimenezo n'zabwino, munthu amamvetsa kwambiri chinthu akachifotokozera wina. Koma pali lamulo limodzi limene ndikupempha kuti musunge: manja anu asakhudze kiyibodi ya mnzanu. Mufunseni kuti mzere uwu ukuchita chiyani. Mupatseni manambala oti ayesere. Muuzeni kuti vuto lili pakati pa mzere wachiwiri ndi wachinayi. Mukangokhala pampando wake n'kuyamba kutayipa, ntchito yasanduka yanu, ndipo iye adzakuthokozani lero n'kudzabweranso sabata yamawa ndi vuto lomwelo.

Malire a chithandizo ndi kukopera savuta kuwaona. Mukathandizidwa, tsekani kope la mnzanuyo, tsegulani tsamba loyera, mulembenso pulogalamu yonse panokha. Ikatheka, ntchitoyo ndi yanu ndipo mungaipereke mosachita manyazi. Ikakanika, ndiye kuti simunamvetse, bwererani mukafunsenso. Amene amakopera pa fulashi n'kusintha mayina, zonse n'kukhala total, amadzinamiza okha. Mapulogalamu awiri okoperana amafanana kaimidwe, amafanana mipata, ndipo kawirikawiri amalakwitsa malo amodzi. Mphunzitsi safunikanso kukangana ndi munthu. Amangoti, "Tasintha kuti iwerengere ana asanu m'malo mwa atatu." Mwini ntchito amasintha manambala awiri nthawi yomweyo. Wokopera amayang'ana kudenga. Ndipo tsiku la mayeso a MSCE, m'chipinda cha MANEB mulibe mnzanu wokuonetsani, mulibenso foni.

Nanga Meta AI ndi ChatGPT?

Nkhaniyi sitingaizembe. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ndipo mu Epulo 2024 Malawi inali m'gulu la mayiko amene analandira Meta AI pa WhatsApp. Lero mwana aliyense wogwira foni ya makolo ake angathe kulemba funso la asayimenti n'kulandira pulogalamu yathunthu m'masekondi ochepa. Kuletsa kokha sikungathandize, choncho tinene mmene zidazi zingagwirire ntchito popanda kuba nzeru za mwana.

Kuuza chidacho kuti "ndilembere" n'chimodzimodzi kukopera kwa mnzako, kungoti mnzake uyu satopa. Zimadziwikanso msanga, chifukwa kawirikawiri chimagwiritsa ntchito malamulo amene kalasi sinafikepo. Pa ntchito ya avereji ija chikhoza kulemba sum ndi len pamzere umodzi, pamene mphunzitsi amafuna kuona ngati mwamvetsa loop. Chimathanso kulakwitsa, ndipo chikalakwitsa chimalankhula molimba mtima ngati mmene chimalankhulira chikalondola. Amene sadziwa kuyesa pulogalamu ndi manambala ake sangasiyanitse.

Koma mungachifunse monga mungafunsire mphunzitsi wodekha. Mungachipatse uthenga wofiira n'kuchiuza kuti chifotokoze tanthauzo lake m'Chingerezi chosavuta, osalemba yankho. Mungachipemphe chitsanzo cha loop pa nkhani ina yosiyana ndi asayimenti yanu. Mukamaliza ntchito panokha, mungachipemphe funso lina lofanana kuti mudziyese. Lembani m'Chingerezi, chifukwa zidazi zimamva Chingerezi bwino kuposa Chichewa, ndipo musaikemo mayina enieni a anthu kapena manambala awo a foni. Ngati mwachigwiritsa ntchito, auzeni aphunzitsi pamene chakuthandizani. Kutero kumawathandiza kudziwa gawo limene kalasi ikufunika kubwereza.

Kwa makolo

Kholo lina linganene kuti, "Ine zamakompyutazi sindizidziwa, ndingathandize bwanji?" Mungathandize kwambiri, mwinanso kuposa wodziwa. M'buku lina la akatswiri la mu 1999, The Pragmatic Programmer, lolembedwa ndi Andrew Hunt ndi David Thomas, muli nkhani ya wolemba mapulogalamu amene ankayenda ndi kachidole ka bakha. Pulogalamu ikamuvuta, ankakafotokozera kabakhako mzere ndi mzere, ndipo pofotokozapo ankaona yekha pamene walakwitsa. Njirayi ndi yodziwika mpaka lero. Ngati chidole chingathandize, kuli bwanji mayi, bambo kapena agogo amene angathenso kufunsa?

Khalani pansi ndi mwana wanu mumuuze kuti, "Tandifotokozera m'Chichewa, mwanawe, mzere uwu ukuchita chiyani? Nanga wotsatirawu?" Pamene wayamba kudodoma n'kumati "apa zimangokhala choncho", pamenepo ndi pamene sanamvetse, ndipo ndi funso limene akafunse kusukulu mawa. Kenako mupatseni manambala a ntchito yanu: matumba a chimanga, ndowa za mpunga, ndalama za kabaza za sabata yonse. Inuyo yankho mumalidziwa kale pamtima. Mayi wa pamsika sangapusitsidwe ndi 50003000 ngakhale sanaonepo Python chibadwire.

Chimene ndikupempha makolo kuti asachite ndi kulipira munthu wodziwa kompyuta kuti amulembere mwana ntchitoyo. Kumaoneka ngati chikondi, koma ndalamayo imagula malikisi a tsiku limodzi n'kubisa dzenje limene likanakwiriridwa nthawi ikadalipo. Ndalama yomweyo ikagula bandulo yokoperera Pydroid 3 pa foni ya pakhomo, mwana adzayesa mapulogalamu ake chaka chonse. Mubwerekeni foniyo ola limodzi madzulo, ali pamalo oonekera. Ndipo ola limenelo lifikenso kwa ana aakazi. Nthawi zambiri mnyamata amakhala ndi foni pamene mlongo wake ali kumjigo kapena kukhitchini, kenako timadabwa kuti atsikana akutsalira pa phunziroli. Malo oyamba m'Malawi muno osulira achinyamata pa luso la makompyuta, mHub ya ku Lilongwe, anawayambitsa mu 2013 ndi mayi, Rachel Sibande.

Kwa akuluakulu a komiti

Chimene ophunzira amasowa kwambiri ndi malo oti akhale pamodzi maphunziro akatha, pali soketi ndi bolodi, mwina masiku awiri pasabata, ndi munthu wamkulu mmodzi woyang'anira. Woyang'anirayo safunika kudziwa programming. Ntchito yake ndi kuona kuti amene akuthandiza anzawo sakugwira kiyibodi, ndiponso kuti aliyense wapeza nthawi yake. Makompyuta safunika atsopano. Laputopu yakale imene m'bale wa ku Johannesburg waleka kugwiritsa ntchito imakwanira, ndipo Python ikaikidwa kamodzi sifunanso intaneti. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Thonny, imene inapangidwa ku yunivesite ya Tartu ku Estonia poganizira oyamba kumene. Imabwera ndi Python m'kati mwake, ndipo imayendetsa pulogalamu sitepe ndi sitepe uku ikuonetsa mmene manambala akusinthira, ngati trace table ija koma pasikirini. Munthu mmodzi akaikopera pa fulashi, ingaikidwe pa makompyuta onse.

Yesani iyi

Mphunzitsi wati wophunzira amene wapeza malikisi 50 kapena kuposerapo wakhoza. Wina walemba chonchi:

malikisi = int(input("Malikisi: "))
if malikisi > 50:
    print("Wakhoza")
else:
    print("Walephera")

Wayesa ndi 80, yayankha bwino. Wayesa ndi 30, yayankhanso bwino. Komabe muli cholakwika chimene chingalize mwana wosalakwa. Pezani nambala imodzi imene ingachiulule, kenako lembani papepala funso limene mukanafunsa aphunzitsi, lokhala ndi mbali zitatu zija: chimene mumayembekeza, chimene chatuluka, ndi chimene mukuganiza kuti chachititsa. Mapepalawo mukapereke kwa aphunzitsi a Computer Studies, ndipo ngati kholo lakuthandizani kupeza nambalayo, lembani zimenezo pansi pake.